Interested, keen, passionate: mawu a Chingerezi osonyeza chidwi amasiyana pati?

Kalata yofunsira ntchito ikhoza kukhala yaudongo, mapepala a sukulu onse ali m'malo, koma mzere woyamba n'kukhala wakuti *I am very interesting with this post*. Wolembayo akufuna kunena kuti ntchitoyo akuifunitsitsa. Chimene wowerenga akumva n'chakuti mkuluyu akudzitama kuti ndi munthu wochititsa chidwi, ndiponso kamawu kakuti *with* kakhala pamalo pa eni ake. Zolakwika ziwiri m'chiganizo cha mawu 7.

Mafunso okhudza mawu amenewa sakutha. Mwana wa Folomu 4 amakumana nawo pa mayeso a MSCE, pomwe Chingerezi ndi phunziro loti ukalilephera a MANEB sakupatsa satifiketi ngakhale enawo utakhoza bwanji. Namwino wofuna kukagwira ntchito ku Britain amakumana nawo pa mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET. Wofunsira sikolashipu ya Chevening amakumana nawo polemba chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Onsewa amafunsa zofanana. Ndi *interested in* kapena *interested with*? Ndi *keen to* kapena *keen on*? Nanga pakati pa *passionate* ndi *obsessed*, lamphamvu ndi liti, loyenera mu ofesi ndi liti?

Mtanthauziramawu wamng'ono akhoza kukuuzani kuti mawu onsewa amanena za kukonda chinthu kwambiri, n'kuthera pomwepo. Kusiyana kwawo kwagona pa zinthu zosaoneka msanga: kamawu kamene kamatsatira liwu lililonse, mphamvu ya liwulo, ndi malo amene limamveka bwino.

## Vuto limayambira pa "ndi" wathu

Pa Chichewa timati ndili ndi chidwi ndi ulimi, amasangalala ndi mpira, watengeka ndi ndale, wapenga naye mtsikana uja. Kamawu kamodzi, "ndi", kamasenza ntchito yonse. Kusukulu tinaphunzira kuti "ndi" wotereyu pa Chingerezi ndi *with*, ndiye mutu umangotola *with* n'kumuika paliponse: *interested with farming*, *keen with football*. Umenewu si umbuli. Ndi chiyankhulo chakwathu chikuyenda pansi pa chiganizo chachilendo.

Timawu ngati *in*, *on*, *of*, *about*, *for*, *by* ndi *with* ndi aperekezi, amene buku la galamala ya Chingerezi limawatcha *prepositions*. Mawu osonyeza chidwi ambiri ndi afotokozi, kapena kuti *adjectives*, ndipo mfotokozi aliyense ali ndi mperekezi amene amayenda naye. Amati *interested in*, *keen on*, *fond of*, *enthusiastic about*, *passionate about*, *curious about*, *eager for*, *fascinated by*, *obsessed with*. Pa mndandanda wonsewu, *with* wathu uja wapeza malo okhazikika pa *obsessed* pokha, ngakhale kuti *fascinated with* nayo imaloledwa.

Anthu amafunsa lamulo lodziwira kuti uyu atenga *in*, uyo atenga *on*. Lamulo lotero palibe. Palibe chimene chili m'kati mwa chidwi choti n'kufuna *in*, kapena pamwamba pake choti n'kufuna *on*. Ndi chizolowezi cha zaka mazanamazana basi. Umboni wake ndi wakuti mtundu uliwonse umapunthwa pamalo pakepake. Mjeremani amati *sich interessieren für*, choncho akamaphunzira Chingerezi amalemba *interested for*. M'bale wathu wa ku Tete amene anaphunzira m'Chipwitikizi ali ndi mwayi pa liwu limeneli, chifukwa *interessado em* imagwirizana bwino ndi *interested in*. Koma akafika pa *apaixonado por* nayenso amaterereka n'kulemba *passionate by*.

Amene anakonzetsapo njinga amadziwa kuti nati iliyonse ili ndi bawuti yake, ndipo mukakakamiza yolakwika mumaononga zonse ziwiri. Wanzeru amagula ziwirizo pamodzi. N'chimodzimodzi pano: musaloweze *keen* payekha n'kumadzafunafuna mperekezi wake tsiku la mayeso. Lowezani *keen on* ngati liwu limodzi, ndipo mukalipeza m'nyuzipepala, kopani chiganizo chonse m'kope.

## Wotopa ndi wotopetsa

Pa nkhani ya *interested* ndi *interesting*, Chichewa chomwe chatipunthwitsa chija chimatithandiza. Timasiyanitsa bwino wotopa ndi wotopetsa, wodabwa ndi wodabwitsa, wochita chidwi ndi wochititsa chidwi. Palibe amene pochoka kumunda anganene kuti "ine ndine wotopetsa". Kachidutswa ka -tsa kamatiuza kuti ameneyu ndiye akuyambitsa zimene wina akumva.

Chingerezi chimachita zomwezo ndi -*ed* ndi -*ing*. Mawu othera ndi -*ed* amanena za amene akumva: *interested*, *excited*, *fascinated*, *bored*, *confused*. Othera ndi -*ing* amanena za chimene chikuchititsa: *interesting*, *exciting*, *fascinating*, *boring*, *confusing*. Mukakayika, nenani chiganizocho pa Chichewa kaye. Ngati -tsa watuluka, lembani -*ing*.

Ena anauzidwa kuti -*ed* ndi wa anthu, -*ing* ndi wa zinthu. Chidule chimenechi chimathandiza theka lokha. Munthu akhoza kukhala *interesting* ndithu, ngati akuchititsa ena chidwi: *She is an interesting speaker*. Ndipo mwana wa sukulu akaimika dzanja n'kunena kuti *Sir, I am boring*, galamala yake ilibe vuto. Wangoulula zina zimene sanafune kuulula.

Pali tizolakwika tina tiwiri timene timachokera ku khutu. Poyankhula mwachangu -*ed* samveka kwenikweni, ndiye ena amalemba *I am interest in*. Enanso amasiya *am* n'kulemba *I interested in*. Zonsezi zimakonzeka mukakumbukira kuti chiganizochi chinachokera ku mneni: *Farming interests me*, ulimi umandichititsa chidwi. Mukachitembenuza kuti inu mukhale patsogolo, chimakhala *I am interested in farming*. Ponena, eni chiyankhulo amatsindika phatikizo loyamba ndipo ambiri a ku Britain amameza lachiwiri, moti liwulo limamveka ngati IN-tres-tid, osati inta-RES-ted monga timamvera kawirikawiri kuno.

## Mneni akabwera pambuyo

Apa ndi pamene ngakhale odziwa Chingerezi amaima kaye. Lamulo loyamba ndi lolimba ndipo lilibe kukhota: mneni akatsatira mperekezi, amatenga -*ing*. Choncho ndi *interested in working*, *keen on swimming*, *fond of singing*, *enthusiastic about joining*. Simunganene *interested in work with you* ngati *work* ndi mneni, kapena *fond of to sing*.

Koma mawu ena ali ndi khomo lachiwiri, lodzera pa *to* ndi mneni wosasintha. *Eager to start* ndi *keen to start* ndi zolondola. *Fond to* kulibe. *Passionate to* ndi *enthusiastic to* zimamveka apa ndi apo, koma akonzi ambiri amazisintha n'kuika *about*.

*Interested to* ndiye wosokoneza, chifukwa alipo koma ali ndi malire. Amayenda ndi aneni a kumva ndi kudziwa: *hear*, *know*, *see*, *learn*, *read*, *find out*. *I was interested to hear that prices have dropped* akutanthauza kuti nkhaniyo nditaimva inandikoka mtima. *I would be interested to know your views* ndi njira yaulemu yofunsira maganizo a munthu. Koma ngati mukunena za chinthu chimene mukufuna kuchita, bwererani ku *in*: *I am interested in buying the plot*, osati *interested to buy*. Wogulitsa malo adzamva ndithu chimene mukufuna, koma wochonga mayeso adzadula malikisi.

Msampha waukulu kuposa yonse uli kumapeto kwa makalata: *I look forward to hear from you*. Chiganizochi chimaoneka chabwinobwino, chifukwa tinazolowera kuti pambuyo pa *to* pamabwera mneni wosasintha. Komatu Chingerezi chili ndi *to* awiri. Wina ndi uja wa *to go*, *to eat*. Winayo ndi mperekezi, wa *to Zomba*, *to the market*. Wa mu *look forward to* ndi mperekezi, choncho lamulo loyamba lija likugwira: *I look forward to hearing from you*. Njira yowasiyanitsira ndi kuyesa kuika dzina pambuyo pake. *I look forward to the meeting* ikumveka, ndiye kuti *to* ameneyu ndi mperekezi. *I am eager to the meeting* sikumveka, ndiye kuti uyu ndi wa mneni. Muyeso womwewu umathandiza pa *committed to*, *devoted to*, *dedicated to* ndi *addicted to*, onse amene amafuna -*ing*: *committed to serving the community*.

## Keen, liwu la nkhope zambiri

*Keen* ndi liwu la Angerezi a ku Britain kwenikweni, ndipo limamvekanso kwambiri ku Australia, New Zealand ndi South Africa. Amereka amalidziwa koma salikonda pokamba za chidwi. Iwo amathamangira ku *eager* kapena *excited*. Popeza Chingerezi cha m'sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe chinachokera ku Britain, liwuli timakumana nalo kawirikawiri m'mabuku ndi m'mayeso.

*Keen on* amanena za chimene munthu amakonda masiku onse: *He is keen on gardening*. *Keen to* amanena za chinthu chimodzi chimene akufunitsitsa kuchita: *He is keen to plant before the rains*. Woyambayo ndi khalidwe, wachiwiriyo ndi changu cha lero. Ngati mukufunitsitsa kuti wina ndiye achite, pali *keen for*: *The parents are keen for her to study nursing*. Likhozanso kukhala patsogolo pa dzina, *a keen farmer*, *a keen reader*, kapena kulimbitsa chidwi chenichenicho, *a keen interest in politics*.

Chenjerani nalo likafika pa anthu. *He is keen on her* sakutanthauza kuti amamulemekeza pa ntchito; akutanthauza kuti wagwa naye m'chikondi kapena akumufuna. Mukafuna kuyamikira wogwira naye ntchito, nenani za ntchito yake, kapena munene kuti *keen to work with her*.

Ndiye pali *not keen*. Mngerezi sakonda kukana poyera. Mukamupatsa ganizo iye n'kuyankha kuti *I'm not too keen on that idea*, mawuwo paokha akungoti chidwi chake n'chochepa, koma tanthauzo lake ndi lakuti sakufuna, ndipo mukapitiriza kukakamira muoneka wosamva. Ife tisadabwe nazo kwambiri. Nafenso tikati "tiona" kapena "ndikuuzani" nthawi zambiri nkhani imakhala yatha kale. Amene akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain amaphunzira msanga kuti gogo akati *I'm not keen on fish*, mbale ya nsombayo ibwerera yosakhudzidwa.

Liwuli lilinso ndi tanthauzo lakale la kuthwa, limene silikhudza chidwi: *a keen blade* ndi mpeni wakuthwa, *a keen eye* ndi diso losaphonya kanthu, *keen competition* ndi mpikisano woopsa, ndipo pa malonda ku Britain *keen prices* ndi mitengo yotsika yokopa ogula.

## Eager ndi anxious

*Eager* ali ndi kusaleza mtima m'kati mwake. Ndi munthu amene akuona kuchedwa: *eager to begin*, *eager for news*. Satenga *on* kapena *in*. Amanena za chimene chikubwera, osati chimene munthu amakonda moyo wake wonse, choncho simunganene *eager about football* pofuna kunena kuti amakonda mpira.

*Anxious* amadzetsa mkangano pakati pa akatswiri enieniwo. Tanthauzo lake loyamba ndi nkhawa: *anxious about the results*. Koma akatsatidwa ndi *to*, amatanthauzanso kufunitsitsa: *anxious to help*, *anxious to meet you*. Alangizi ena a kalembedwe amati zimenezi n'kusokoneza, *anxious* asiyidwire nkhawa ndipo kufunitsitsa kusiyidwire *eager*. Ena, kuphatikiza olemba mtanthauziramawu wa Merriam-Webster, amayankha kuti alembi odziwika akhala akulemba *anxious to* motere kuyambira zaka za m'ma 1700. Komabe nthawi zambiri mu *anxious to* mumatsalabe kankhawa pang'ono. Mayi amene ali *anxious to see the doctor* akufunitsitsa, koma osati mosangalala.

*Fond of* ndi wofatsa kuposa onsewa, chikondi cha chinthu kapena munthu amene wazolowerana naye: *fond of her grandchildren*, *fond of tea*. Kuno timamugwiritsa ntchito kwambiri podzudzula, *he is fond of coming late*, ndipo aphunzitsi amamukonda pa malipoti. Mngerezi adzamva, koma kwa iye zimamveka ngati mukunyogodola kuti munthuyo kuchedwako kumamukomera. Ngati mukungonena za chizolowezi, *he often comes late* kapena *he has a habit of coming late* ndi zosakayikitsa.

## Mawu amphamvu, ndi mtengo wake

Pamwamba pa *interested* ndi *keen* pali gulu la mawu amene mbiri yawo imathandiza kumvetsa chifukwa chimene ena amamvekera mopitirira. *Fascinate* anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kulodza. *Obsess* poyamba ankanena za adani ozinga mzinda, kenako za mizimu yoipa yovutitsa munthu. *Passion* ankatanthauza masautso, n'chifukwa chake mpaka lero matchalitchi amatchula masautso a Yesu kuti *the Passion*. *Enthusiasm* ndi wa Chigiriki, kugwidwa ndi mulungu, ndipo ku England m'zaka za m'ma 1700 linali liwu lonyoza anthu otengeka pa chipembedzo. Otsatira a John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, ankanenedwa choncho. Ngakhale *fan*, amene timatchulira ochemerera Bullets ndi Wanderers, ambiri amavomereza kuti ndi chidule cha *fanatic*, chimene chinafala ku America m'zaka za m'ma 1880 pa masewero a baseball.

Ena mwa mawuwa anazizira n'kukhala aulemu. *Enthusiastic about* lero ndi liwu labwino kwambiri pa kalata ya ntchito, lokhala ndi chimwemwe koma losapitirira. *Fascinated by* ndi *intrigued by* ndi a mutu kuposa a mtima: chinthucho chikukukokani kuti muchimvetse. *Curious about* ndi kufuna kudziwa, koma onani kuti *a curious man* akhoza kukhala wofunsafunsa kapena wodabwitsa, malinga ndi nkhani. *Avid* amakonda kukhala patsogolo pa dzina ndipo ali ndi anzake ochepa amene amayenda nawo: *an avid reader*, *an avid collector*, *an avid listener*. Simudzamva kawirikawiri *I am avid*.

Ena sanazizire kwenikweni. *Obsessed with* akadali ndi fungo la matenda, ndipo madokotala amagwiritsa ntchito liwu lomweli pa vuto la maganizo lotchedwa OCD. Achinyamata pa Instagram ndi TikTok amalemba *I'm obsessed* pa nsapato kapena nyimbo, ndipo pamenepo n'kukokomeza kongocheza. Koma kunena za munthu wina kuti *he is obsessed with money* n'kumudzudzula. *Crazy about*, *mad about* ndi *into*, monga *she's really into photography*, ndi a pocheza. M'kalata ya ku ofesi salowa. *Mad* ali ndi msampha wakewake: ku Britain *mad about you* ndi chikondi, ku America *mad at you* ndi mkwiyo, ndipo Mmereka akati *mad about the delay* sakutanthauza kuti kuchedwako kwamusangalatsa.

*Passionate about* ndiye amene wavutika kwambiri ndi kutchuka. Galamala yake ndi yosavuta, ndipo dzina lake limatenga mperekezi wina, *a passion for teaching*. Vuto ndi lakuti aliyense akumulemba. LinkedIn, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalembapo mbiri ya ntchito zawo, pa mindandanda imene inkatulutsa ya mawu obwerezedwa mopitirira muyeso pa mbiri za ntchito za anthu, inkakhala ndi *passionate* m'gululo. Mu 2016 bungwe la UCAS, limene limalandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, linatulutsa ziganizo zimene ophunzira a chaka chapitacho anakonda kuyambira nazo nkhani zawo. Choyamba chinali *From a young age I have always been interested in*, kapena *fascinated by*, chimene anthu oposa 1,700 anayambira nacho. Aliyense ankaganiza kuti akuonetsa mtima wake. Wowerenga ankangoona chiganizo chomwe chija.

Maganizo anga ndi akuti liwu lamphamvu silionjezera mphamvu pa kalata. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. *I am extremely passionate about agriculture.* Ndi ichi: *I am interested in irrigation, and last season I grew tomatoes on half an acre using a treadle pump.* Chachiwiricho chagwiritsa ntchito liwu lofatsa, koma wowerenga waona dimba, pampu yopondaponda ndi matimati. Pali ntchito zina, makamaka m'mabungwe othandiza anthu ndi m'makampani a ku America, kumene amayembekezera kumva *passionate* ndi *excited*, ndipo wolemba mofatsa kwambiri amaoneka ngati safuna. Kuwerenga mawu amene ali m'chilengezo cha ntchitoyo kumakuuzani muyezo umene eni ake amayankhulira.

## "Kwambiri" mmodzi, mawu atatu

Monga "ndi" uja, "kwambiri" wathu amagwira ntchito zingapo. Tiyi watentha kwambiri akhoza kukhala wabwino kapena wosamweka. Nkhope ya wonenayo ndiyo imatiuza. Chingerezi chimalekanitsa. *Very* amangokweza. *Too* amati zapitirira ndipo pali vuto. *I am too interested in this job* akumveka ngati mukuvomera kuti chidwi chanu chafika poipa, ndipo *too much interested* ndi cholakwika pa galamala. Chofunika ndi *very interested*, kapena *particularly interested in* ngati mukuloza mbali imodzi ya ntchitoyo. *So* ndi wa pocheza, *I'm so excited*, ndipo m'kalata amasiya wowerenga akudikira *that*.

Komanso si mfotokozi aliyense amene amalola *very*. Ena ali ndi masitepe: munthu akhoza kukhala *slightly interested*, *quite interested*, *very interested*. Ena ali kale pamwamba, ndipo kuwaika *very* kumamveka mwachilendo. Amenewa amatenga *absolutely*, *completely*, *utterly* kapena *totally*: *absolutely fascinated*, *completely obsessed*. *Really* amalowa mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndi pothawira pabwino poyankhula. *Quite* ndi woterera: kwa Mngerezi *quite interested* nthawi zambiri ndi chidwi chapakatikati, pamene kwa Mmereka chili pafupi ndi *very*.

Chinanso chaching'ono. Aneni a kukonda ndi kukhala nacho chinthu sakonda -*ing* wa nthawi yatsopano. *I am having interest in* imamveka kwambiri m'maofesi athu, koma yoyenera polemba ndi *I have an interest in*. N'zoona kuti McDonald's yakhala ikulengeza malonda ake ndi *I'm lovin' it* kuyambira 2003, ndipo poyankhula anthu amaterodi, koma wochonga IELTS si wogulitsa mabanzi.

## Pamene interest salinso chidwi

Tsegulani The Nation kapena The Daily Times tsiku lililonse la ntchito, mupeza *Request for Expressions of Interest*. Apa palibe zokhudza mtima. Ndi gawo loyamba la ndondomeko yogulira katundu kapena ntchito, pamene makampani amalemba kusonyeza kuti angathe ndipo akufuna kuganiziridwa, asanapemphedwe mitengo. *Interested candidates should apply* ndi chimodzimodzi: amene akufuna alembe.

Ku khoti ndi m'mabodi a makampani, liwuli limapita kwina. *An interested party* si munthu amene nkhaniyo ikumusangalatsa, koma amene ali ndi chopindula kapena chotaya pa chigamulocho. *To declare an interest* n'kuulula kuti muli ndi gawo pa nkhani imene ikukambidwa, mwina kampani yofuna kontirakiti ndi ya mlamu wanu. Mukabisa n'kukhalabe pa mpando woweruza, ndiye *conflict of interest* timamva pa wailesi ija. Apolisi, makamaka a ku America, akati munthu ndi *person of interest*, si kuti amukonda. Ndipo ku banki *interest* ndi chiwongoladzanja, chimene chimatenga mperekezi wina: *interest on a loan*, pomwe chidwi ndi *interest in*. Kamawu kamodzi kakusiyanitsa ngongole ndi zokonda.

Tanthauzo la ku khotili ndi limene linabala mkangano wotchuka wa *disinterested* ndi *uninterested*. Mabuku ambiri a sukulu amaphunzitsa kuti *uninterested* ndi wopanda chidwi, pamene *disinterested* ndi wosakondera, wopanda chake pa nkhaniyo. Mwa lamulo limeneli woweruza mpira ayenera kukhala *disinterested*, koma akakhala *uninterested* ndiye kuti akuyang'ana kumwamba mpira ukulowa mu golo. Oteteza lamuloli amati kusiyanaku n'kothandiza ndipo kukatayika Chingerezi chitaya liwu labwino.

Ofufuza mbiri ya mawu amaonetsa kuti nkhaniyi si yoongoka choncho. M'zaka za m'ma 1600, pamene mawu awiriwa ankayamba kulembedwa, anali otembenuka: *disinterested* ankatha kutanthauza wopanda chidwi, *uninterested* wosakondera. Anasinthana malo pambuyo pake, ndipo lero anthu ambiri olankhula Chingerezi chobadwa nacho abwerera kunena *disinterested* pofuna kunena wopanda chidwi. Mabuku otanthauzira mawu akuluakulu amalemba matanthauzo onse awiri, ena n'kuchenjeza kuti pali owerenga amene lachiwirilo amaliona ngati cholakwika.

Pa mayeso, yankho limene wochonga ali nalo pa pepala lake ndi la m'buku la sukulu lija. Pa lipoti kapena kalata imene simukufuna kuti wina aimve molakwika, pali mawu amene alibe mkangano: *impartial* kapena *neutral* pa wosakondera, ndi *not interested* pa amene nkhaniyo sikumukhudza mtima.